Mphaka wa Ababa ndi Sofa ya Amuna Anga

Ababa anadwala sitiroko chaka chimene nyanja inadzaza mpaka kunyambita miyendo ya mathandala athu oyanikapo usipa. Anagwa ali pakhonde pawo, akusoka ukonde. Titabwera nawo kuchokera kuchipatala, dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinali zitafa, ndipo mawu anali atawathawa. Anangotsala ndi liwu limodzi lokha, lakuti "eya". Akafuna madzi ankati eya. Akamakana mankhwala ankatinso eya, koma akupukusa mutu. Munthu amene kwa zaka zambiri ankakuwa pa boti pakati pa mphepo ya mwera, popita ku chilumba cha Mbenji ndi pobwera, tsopano ankangotiyang'ana kuti tilote zimene akufuna.

Amayi anali atamwalira kale. Mng'ono wanga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe, ndiye panalibe zokambirana: Ababa anasamukira kwa ine. Nyumba yawo ndi yanga zatalikirana pang'ono chabe, pakati pali mitengo ya mango ndi chitsime. Tinanyamula matiresi, zovala ndi wailesi yawo. Mphaka sitinamunyamule. Anabwera yekha tsiku lachitatu, nalowa ngati wakhala akulowa m'nyumbamo moyo wake wonse, n'kukwera pamiyendo pa Ababa.

Anali mphaka wamphongo, wotuwa, khutu limodzi long'ambika. Dzina analibe. Ababa anayamba kumusunga amayi atangomwalira, ndipo asanadwale ankangomutchula kuti "iwe". Ine sindinkamuda, sindinkamukondanso. M'nyumba mokhala madengu a nsomba zouma, mphaka ndi wofunika, ndipo makoswe anachepadi iye atabwera.

Vuto linali sofa.

Amuna anga kwawo ndi kumtunda, anabwera kuno kudzakhala chikamwini. Ntchito yawo ndi yokonza mainjini a maboti. Malo amene tikukhala ndi a kwathu, mitengo ndi ya kwathu, ngakhale nyumba imene iwo anaumba njerwa zake ndi manja awo anthu amaitchula kuti ndi yanga. Iwo sanadandaulepo. Koma atagula masofa kuboma, yaikulu imodzi ndi ang'onoang'ono awiri, a nsalu yofiirira yosalala, ndinaona nkhope imene sindinaionepo. Anabwera nawo pagalimoto, iwo atakhala pamwamba pa katunduyo, akupatsa moni aliyense wa m'njira. Lamulungu lililonse tisanapite kutchalitchi ankawapukuta okha ndi kansalu. Akamalankhula za nyumba ankati "kwathu", za munda ankati "wathu", koma za sofa ankati "sofa yanga".

Ndipo ndi iwo omwe anasankhira Ababa pokhala. Anakokera sofa yaing'ono pafupi ndi chitseko cha pabalaza.

"Apongozi azikhala apa," anandiuza. "Pakupita mphepo, komanso aziona anthu opita kunyanja."

Kumeneko kunali kulemekeza kwakukulu, chifukwa ngakhale ine sindinkaloledwa kukhalapo ndi chitenje chimene ndachokera nacho kunsomba.

Ndinamva phokosolo koyamba m'mawa wina ndikusesa. Khwee, khwee, khwee. Nditasuzumira ndinapeza mphaka uja ataimirira ndi miyendo yakumbuyo m'mbali mwa sofa yaikulu, zikhadabo zitalowa m'nsalu, akukoka pang'onopang'ono maso ali chitsinzinire. Ndinavula patapata n'kumugenda.

"Choka!"

Mphaka anathawira kunja. Koma Ababa anamenya ndodo yawo pansi mwamphamvu.

"Eya!"

Maso awo anali pa ine. Ndinali mayi wa ana akuluakulu, koma ndinamva ngati kamtsikana kamene kaswa mtsuko. Ndinatola patapata wanga mwakachetechete.

Pamene anakandapo panali timizere tinayi ndi ulusi wolendewera. Ndinadula ulusiwo ndi lumo, n'kuyalapo chitenje. Amuna anga anatulukira Lamulungu lotsatira, atachotsa chitenjecho kuti apukute. Nthawi imeneyo timizere sitinalinso tinayi. Anapinda chitenjecho bwinobwino, natuluka, kenaka anandiitanira kuseri kwa khitchini.

"Mayi, zimenezi mwakhala mukuziona?"

"Ndaziona."

"Osandiuza?"

"Ndimati ndimuletsa."

"Nanga waleka?"

Ndinangoyang'ana pansi. Iwo anapuma mozama nati, "Mphaka ndi wa apongozi. Ine sindingamumenye, sindingamukalipire iwo akumva. Inu ndinu mwana wawo. Onani chochita."

Madzulo ake ndinaimbira foni mng'ono wanga, chifukwa mabwana ake amasunga amphaka awiri m'nyumba, ndipo masofa awo, iye ankati, ali bwinobwino. Anaseka kaye, kenaka anayamba kundiwerengera njira. Anati mphaka amadana ndi fungo la mandimu. Anati amadana ndi chinthu chomata ku mapazi. Anati ndizimuwaza madzi nthawi yomweyo akayamba, kuti adziwe kuti akulakwa.

"Koma achemwali, musayembekezere kuti asiya kukanda," anatero. "Kukanda n'chibadwa chake. Mumupezere pena pokanda."

Ndinayamba ndi mandimu. Ndinafinyira madzi ake m'kabotolo, makoko n'kuwandanda pansi m'mbali mwa sofa. Kwa masiku awiri mphaka ankafika, n'kununkhiza, n'kubwerera akugwedeza phazi. Ndinauza amuna anga kuti mankhwala apezeka. Tsiku lachitatu ndinapeza wayamba mbali inayo. Nditaika mandimu mbali zonse ziwiri anapita kumbuyo kwa sofa, kumene kuli nsalu yopyapyala, ndipo kumeneko anaboola ndithu. Makoko aja anayamba kuitana nyerere.

Ndinagula selotepi wamkulu uja womangira makatoni, n'kumumata mozondotsa kuti kunamatira kukhale kunja. Kunali kutentha, ndipo kuno mchenga sutha m'nyumba. Pofika madzulo selotepiyo anali atatola mchenga, mamba a usipa ndi ubweya wa mphaka yemweyo, osamatanso. Pomuchotsa anazula tiubweya ta nsalu, n'kusiya chigamba choyererako. Pamenepo ndinali nditaononga ndine.

Za madzi zinkafunika kuti ndikhale ndilipo. Koma ine m'mawa ndimakhala kugombe kudikira maboti, ndikagula usipa ndikauyanike, ndiutembenuze, ndiziingitsa akhwangwala. Ndinkathamangira kunyumba kukaona Ababa kangapo, koma mphaka sankadikira ine. Tsiku lina ndinamupezerera ndipo ndinamuwaza kapu yonse. Anathawa, ndipo kuyambira pamenepo ankati akamva mapazi anga amatsika msanga n'kukakhala pansi pa mpando wa Ababa, akundiyang'ana. Chimene anaphunzira n'chakuti asamakande ine ndilipo.

Mayi wina amene timayanika naye nsomba anandiuza za tsabola. Ndinasinja kambuzi wouma n'kuwaza m'mbali mwa masofa onse. Sipanathe nthawi, mphepo ya pakhomo inaulutsa ufawo. Ababa anayamba kuyetsemula, kenaka kutsokomola, kutsokomola kosalekeza, misozi ili chuchuchu, nkhope itada. Munthu wa sitiroko kutsokomola kumamuvuta. Ndinawagwira kumsana, ndikupempha Mulungu kuti asatsamwe. Atapeza bwino ndinakolopa pabalaza ponse katatu, ndikulira ndi tsabola ndi mantha omwe. Amuna anga sindinawauze.

Iwonso anayesa mbali yawo. Nditawafotokozera mawu a mng'ono wanga akuti mphaka apezeredwe pena pokanda, anatenga nkhafi yothyoka yopalasira bwato, naikhomera pathabwa kuti iime chilili, naikulunga ndi chingwe cha ukonde wakale kuyambira pansi mpaka pamwamba. Anatha Loweruka lonse akupanga chinthucho, ndipo chinaoneka bwino kwambiri. Anachiimika pafupi penipeni ndi sofa. Ine ndinachipaka mafuta a nsomba kuti chimukope. Mphaka ananyambita chingwe chonse, nagona pathabwa lija. Atadzuka anadziwongola, nadutsa nkhafiyo, n'kukaimirira pa sofa. Ndinamugwira miyendo yakutsogolo n'kuikhudzitsa pachingwe, ndikumukandiritsa ngati mwana womuphunzitsa kulemba. Ababa anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Aka kanali koyamba kuwaona akuseka chidwalireni, ndipo sindinadziwe ngati ndikondwe kapena ndipse mtima.

Kutseka chitseko sikunatheke. Unali mwezi wa Okutobala, malata akulira ndi dzuwa. Tikatseka, Ababa ankanyowa thukuta, mphaka akulira panja, iwo akumenya ndodo mkati. Kutulutsa Ababa kuti azikhala pakhonde kunkatheka m'mawa wokha, dzuwa likakwera khonde lathu limaotcha.

Njira yomaliza imene mng'ono wanga anatchula inali yowenga zikhadabo. Anati mabwana ake amachita zimenezi mphaka ali phee pamiyendo. Wathu sanali wotero. Tinamutengera kuchipinda, amuna anga n'kumukulunga m'thumba, ine nditagwira chowengera zala. Ndisanadule ngakhale chikhadabo chimodzi anatulutsa mwendo n'kunding'amba mkono kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Analira kulira kumene sindinamvepo. Kenaka tinamva chinthu chikugwa pabalaza.

Anali Ababa. Anamva kulirako, nayesa kuimirira okha kuti abwere, ndipo mwendo wakufa uja unawagwetsa. Tinawapeza ali chafufumimba pasimenti, chipumi chitachekeka, dzanja lamoyo likukwawabe kulunjika kuchipinda. Amuna anga anawanyamula ngati mwana. Palibe fupa linathyoka.

Patapita masiku angapo amuna anga anandiuza maganizo awo. Ku Lifuwu kunali mlimi wa mpunga amene iwo anamukonzera injini yopopera madzi, ndipo ankadandaula za makoswe m'nyumba yosungira matumba.

"Kumeneko akakhala bwino, chakudya n'chambiri," anatero. "Si za sofa zokha, mayi. Mphaka ameneyu adzatiphetsa apongozi."

Sindinavomere, komanso sindinakane. Koma ndiyenera kunena zoona: amene anamuitana ndi usipa m'mawa wa tsikulo, Ababa asanadzuke, ndinali ine. Amene anatsegula kukamwa kwa thumba ndinalinso ine. Amuna anga anamangirira thumbalo panjinga yamoto napita.

Tsiku loyamba Ababa anangokhala akuyang'ana pakhomo, dzanja likusisita pabondo popanda kanthu. Ndinawanamiza.

"Wapita koyenda, Ababa. Amphongo amatero. Abwera."

Tsiku lachiwiri anadya phala masipuni atatu n'kutseka pakamwa. Lachitatu analavula mankhwala. "Eya" uja anasowa, sankamutchulanso. Ndinkayatsa wailesi, ndinkawauza za mitengo ya nsomba ndi za amene boti lake labwera lopanda kanthu, iwo maso ali pakhomo.

Chidwalireni Ababa, owasambitsa anali amuna anga, popeza mwana wamkazi sangasambitse bambo ake. Poyamba onse awiri ankachita manyazi, mkamwini ndi apongozi, koma anazolowerana. M'mawa wa tsiku lachinayi amuna anga analowa ndi beseni monga mwa masiku onse. Posakhalitsa anatuluka nalo madzi ali momwemo, nakhala pamwala wa pakhomo pa khitchini.

"Akana kuti ndiwakhudze," anatero. "Atembenukira kukhoma. Akudziwa."

Tsiku lomwelo ndinasiya nsomba m'manja mwa mnzanga, n'kukwera kabaza wopita ku Lifuwu. Ndinapeza mayi a panyumba ya mlimi uja akupeta mpunga. Atandilonjera ndi kundipatsa mpando, ndinafotokoza chimene ndabwerera.

"Pepani amayi," anatero. "Tinamutsekera mosungira matumba kuti azolowere, koma anatulukira kudenga tsiku lomwelo. Ena akuti anamuona kumunda."

Ndinapita kumundako. Ndinayenda m'timizere ta pakati pa minda ya mpunga, matope akundigwira mapazi, usipa uli m'pepala m'manja. Ndipamene ndinazindikira kuti sindikudziwa momuitanira. Ndinati "pusi, pusi". Ndinati "iwe", monga ankachitira Ababa, ndipo anthu olima ankadzutsa mitu poganiza kuti ndikuitana iwo. Bambo wina anandifunsa chimene ndataya. Nditamuuza anayang'ana anzake, onse n'kuseka, osati monyoza, koma anaseka ndithu. Mayi wamkulu kuchoka kunyanja kudzasaka mphaka m'mpunga. Ndinabwerera dzuwa litapendeka, chimanjamanja. Ndikulowa, Ababa anayang'ana m'manja mwanga, osati kunkhope.

M'mawa mwake anapita amuna anga, kusiya injini ya munthu ili chiphwasulire. Anabwera opanda kanthu. Anapitanso tsiku linalo, chimodzimodzi. Ababa anali atayamba kuchepa thupi, masaya atalowa, ndipo ndinali nditaimbira kale mng'ono wanga kuti apemphe tchuthi. Tsiku lachisanu ndi chitatu mayi aja anaimba foni kuti mphaka wotuwa wa khutu long'ambika akumuona padenga la khola la mbuzi kwa oyandikana nawo. Amuna anga ananyamuka asanamalize tiyi.

Anafika masana ndi katoni yomanga zingwe, manja ndi khosi zili mikwingwirima yokhayokha, malaya atang'ambika paphewa. Anaika katoniyo pansi pabalaza, nagwada monga mkamwini, namasula. Mphaka anatuluka ali woonda, ubweya uli nyankhalala. Anaima pang'ono, nayang'ana uku ndi uku, kenaka anadumphira pamiyendo pa Ababa. Ababa anamugwira ndi dzanja lawo limodzi lija, misozi ikutsikira m'ndevu. Ndinathamanga kukatenthetsa phala. Anadya mbale yonse, akutapako ndi chala kupatsa mphakayo.

Tinali tidakali pomwepo tonse atatu pamene mphaka anatsika. Anadziwongola msana, nayenda mosafulumira kupita ku sofa yaikulu, naimirira, n'kulowetsa zikhadabo. Khwee, khwee. Ine ndinayang'ana amuna anga. Iwo anayang'ana sofa yawo mpaka mphaka anamaliza. Kenaka anatola katoni ija ndi zingwe zake natuluka.

Kuyambira tsiku limenelo tinasiya kulimbana naye. Ndinkangoyala zitenje, iye n'kuzigwetsa, ine n'kuziyalanso. Nsalu ya m'mbali inatha, siponji inayamba kutuluka, ndipo m'mawa uliwonse ndinkasesa tizidutswa tachikasu. Kenaka thabwa la mkati linaonekera. Amayi a kutchalitchi akabwera kudzapemphera ndi Ababa, ndinkathamanga kukonza zitenje asanalowe, koma wina akakhala pansi chitenje chinkatsetsereka, onse n'kuona, onse n'kuyang'ana kumbali. Mmodzi anandinong'oneza potuluka kuti iye mphaka wotere sangagone naye m'nyumba ngakhale tsiku limodzi. Ndinamuthokoza chifukwa chobwera.

Chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali manyazi a alendo. Amuna anga anasiya kukhala pabalaza. Akaweruka ankalowa, n'kupereka moni kwa apongozi awo, n'kutenga kabenchi kukakhala pakhonde. Ankati kunja kukupita mphepo. Ankawasambitsabe Ababa, kuwameta ndevu, kuwanyamula popita kuchimbudzi, ndipo sindinawamve akung'ung'udza ngakhale kamodzi. Ndinkafuna kupepesa, koma ndikayamba ankandidula.

"Zisiyeni, mayi. Mwalakwa chiyani inu?"

Ngakhale ine sindinkadziwa amene walakwa.

Ababa anakhala nafe chaka china ndi miyezi ingapo. Anamwalira nthawi yozizira, mwera ukuomba, atadwala chifuwa sabata imodzi. Maliro atatha, abale atabalalika, mphaka ankagona pa sofa yaing'ono ija pafupi ndi chitseko, ndipo wina akalowa ankadzutsa mutu n'kuugonekanso. Ndinadikira mwezi, kenaka ndinauza amuna anga kuti tsopano palibe chotiletsa, tikhoza kumupereka kwa munthu.

"Kwa ndani?" anafunsa.

"Aliyense wofuna. Ku Lifuwu komwe kuja."

Anapukuta sipanala ndi sanza.

"Ine sindingamuikenso m'thumba," anatero. "Ngati inu mungathe, chitani."

Nanenso sindinathe.

Chaka chatha kunadutsa mmisiri wina wa kuboma amene amayenda m'midzi kukonza masofa. Ndinamuitana amuna anga ali kuntchito, ndikuganiza zoti ndiwadzidzimutse ndi chinthu chabwino. Anachotsa zitenje, nagwada, nagogoda matabwa, nalowetsa dzanja m'mabowo. Anati matabwa ndi olimba, akhoza kukhala zaka zambiri, chofunika ndi siponji ndi nsalu yatsopano basi. Anatulutsa tizidutswa ta nsalu kuti ndisankhe mtundu. Ndikusankha, iye anayang'anitsitsa m'mbali muja, nayendetsa chala m'mikwasa ya pathabwa.

"Amayi, wachita izi ndi mphaka?"

"Eya, ndi mphaka."

"Akadalipo?"

Ndinamulozera pakhonde, pamene mphakayo anagona padzuwa.

"Ngwamkulu bwanji?"

"Sindikudziwa. Anali wa malemu bambo anga."

Mmisiriyo anabweza tinsalu take m'chikwama chimodzichimodzi.

"Ine ntchito ndikuifuna," anatero, "koma ndikakukonzerani lero, mwezi wamawa mudzanditukwana. Dikirani kaye. Zikadzasintha mudzandiitane."

Anandilembera nambala yake pakapepala, namwa madzi, nakwera njinga yake kupita mudzi wotsatira. Ine ndinayalanso zitenje zija, n'kubwerera kukatembenuza usipa.